Maondo a Bambo

"Kodi tigona pompano?" anafunsa mayi wina akugogoda pawindo lolandirira mankhwala. Kuntchito anali atamuimbira kawiri, bambo ake okalamba ali phee pabenchi.

Wopereka mankhwala analoza pakompyuta. "Yakana, mayi. Mapiritsi a maondowa sayenderana ndi oletsa magazi kuundana omwe bambo anu analandira mwezi watha. Akaphatikiza angataye magazi m'mimba."

Mayiyo anacheuka. "Bambo, mwamva?"

"Auze asavutike," mkuluyo anayankha osatekeseka. "Ajawo sindimwa ine. Ndimapatsa amayi ako, paja amaopa chipatala."

"Nanga a maondowa?"

"Iwe, unandionapo liti ndikutsimphina? Maondowo ndi a amayi akonso."