Mbendera Inaulula Achimwene pa Ukwati

Panali munthu wina, bambo wapabanja, amene anauza mkazi wake kuti kuntchito amutumiza kunja kwa dziko kukachita maphunziro. Zoona zake n'zakuti anatenga tchuthi n'kukabisala ndi chibwenzi m'nyumba yogona alendo, m'tauni momwemo. Sabata imeneyo mchemwali wake ankakwatiwa.

Mlamu wa bamboyo, mwamuna wa mchemwali wake wina, yemwe amakonza masamba a pa intaneti, anakonza tsamba loti abale akutali aonerepo ukwatiwo n'kumalemba mafuno abwino. Tsambalo linkazindikira lokha dziko limene munthu ali, poona intaneti imene walumikiza, ndipo linkaika mbendera ya dzikolo pambali pa uthenga wake.

Mnzake wa kuntchito, amene ankadziwa chinsinsicho, anamuchenjeza: "Aise, usalembepo kanthu. Wobisala satsokomola."

"Ndikakhala chete andikayikira," anayankha bamboyo.

Tsiku la ukwati analumikiza foni yake ku intaneti ya m'nyumba yogona alendo ija n'kulemba: "Mafuno abwino achemwali! Kuno kukuzizira koopsa, manja achita kuuma."

Muholo, mauthenga ankaoneka pa sikirini yaikulu, woyendetsa mwambo n'kumawerenga mokweza. Anawerenga wa azakhali okhala kunja, mbendera yachilendo ili pambali. Kenako anati, "Tsopano achimwene a mkwatibwi, kuchokera kutsidya kwa nyanja..." Anaima. Mbendera inali yakwathu.

Wina kumbuyo anakuwa: "Kukuzizira mbali iti? Ife thukuta lili kamukamu!" Holo yonse inafa nacho chikhakhali.

Mlamu uja anathamangira kutsogolo kuti akwirire nkhani. "Makinawa amaphonya nthawi zina, makamaka munthu akapita kunja ndi simu yakuno."

Mkazi wa bamboyo anayankha osakweza mawu: "Alamu, musavutike. Simu yawo anaisiya kunyumba. Anati kunjako siigwira."

Zonsezi bamboyo ankaziona pa foni. Anaona mayi ake akubisa nkhope m'manja. Anaona mkwatibwi atazyolika, maluwa ali pamiyendo. Chibwenzi chija chitamva zoti ali ndi mkazi, chinanyamula chikwama n'kutuluka osatsanzika.

M'mawa mwake anafika kunyumba akukoka sutikesi, maso ali pansi. Pabalaza anapeza mkazi wake, mayi ake ndi mchemwali wake uja. Palibe anakalipa. Mkaziyo anangoti, "Takulandirani. Ndege mwayenda nayo bwanji?"

Bamboyo anagwada. 

Mchemwali wake anapukuta misozi nati, "Achimwene, ine ndinayembekezera tsiku la ukwati wanga moyo wanga wonse. Lero palibe akukamba za diresi langa. Tauni yonse ikukamba za kuzizira kwanu."

Phunziro: Bodza silibisika, ndipo masiku ano ngakhale foni ya m'manja mwako imachitira umboni. Ukanama, manyazi sagwera iwe wekha, amagweranso amene amakukonda. Tumizirani ena uthengawu, mwina wina abwerera kunyumba nthawi isanathe.