Lenzi ya Fatsani pa chinkhoswe cha mlamu wake

Panali munthu wina kwa Nsaru, wojambula zithunzi, dzina lake Fatsani. Mudzi wake sinditchula, poti abale ake ena ali m'gulu lomwe lino ndipo akuwerenga.

Kamera yake inali yabwinobwino. Lenzi yake, diso lija lakutsogolo kwa kamera, inali yopotokola: ukapotokola imakoka munthu pafupi, ukabweza imalowetsa gulu lonse. Koma tsiku lina anaona pafoni zithunzi za ojambula a m'tauni, nkhope ikuwala, kumbuyo kuli mbuu ngati nkhungu. Ena anamuuza kuti imatero ndi lenzi ya nambala 85, yosapotokola. Fatsani tulo tinatha.

Anapita ku Namitete kwa a Nasoni, mkulu amene anamuphunzitsa ntchitoyi.

"Ndi yabwino imeneyo, mphwanga, koma ndi ya nkhope ya munthu mmodzi," anatero a Nasoni. "Imafuna uime patali. Gula, koma yakaleyo usataye. Pagulu udzaifuna."

"Madala, inu munazolowera kujambula anthu atandandalika ngati akuimba nyimbo ya fuko," anayankha Fatsani. "Zinthu zinasintha."

Mawa lake anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Kumeneko munthu wina wosamudziwa anamuonetsa lenzi ija.

"Bwana, yanuyo ndi ya ophunzira kumene. Tisinthane."

Atangomva mawu oti bwana, Fatsani anafewa. Anayesa lenziyo pankhope ya wogulitsayo basi, chithunzi chinatuluka ngati cha pakalendala. Yakale ija anaisiya komweko.

Loweruka kunali chinkhoswe cha Zione, mng'ono wa mkazi wake Tisiyenji. Akuchimuna anafuna kubwera ndi wojambula wa ku Kasiya, koma apongozi ake a Fatsani anakana.

"Tili naye wathu mkamwini, wa kamera yam'tauni."

Chomwe ankafuna kwenikweni chinali chithunzi chimodzi, cha ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, choti atumizire bambo a Zione amene ali ku Joni ndipo analephera kubwera.

Mwambo unachitikira pabwalo laling'ono lotchingidwa ndi mpanda wa udzu. Ankhoswe anaimirira ndi nkhuku zawo. Fatsani kuika diso pakamera, akuona khutu la nkhoswe mmodzi lokha. Anayesa kupotokola, lenzi ili nji. Anayamba kubwerera chambuyo.

"Tasunthani pang'ono amayi."

"Iii, mwandiponda a Fatsani! Kodi kumbuyo kulibe maso, eti?"

Anabwererabe. Tsopano akuona phewa. Anabwereranso. Msana unagunda mpanda, mpanda nkugwa naye, ndipo kuseri kwake kunali khola la nkhumba. Chala chinadina kamodzi kokha akugwa. Pomwe ankadzuka, malaya oyera ali bii, nthungululu zinali zitamveka kale, nkhuku zaperekedwa.

Anapita kwa ankhoswe akununkha.

"Akuluakulu, tangobwerezani pang'ono, ndikaime kumsewu uko."

Nkhoswe wa kuchikazi, malume ake a Zione, anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Nkhuku yaperekedwa kale, mkamwini. Mukufuna mwana wathuyu akwatiwe kawiri tsiku limodzi?"

Mwambo utatha apongozi anaitanitsa kamera. Pachithunzicho panali mutu wa tambala, diso lake likuoneka bwino, nthenga iliyonse yowerengeka. Kumbuyo kunali mbuu, ndendende ngati zam'tauni zija.

Apongozi sanayankhule naye, paja mkamwini samuyankhula pamaso. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tisiyenji, tawafunsa amuna ako. Ankhoswe ali pati apa?"

Fatsani anayamba kukanda matope amene ankauma m'khosi.

Poti ku Joni ankangoimba foni kufunsa chithunzi, anatumiza chomwecho. Yankho linabwera la mawu, ndipo Zione analitsegula pagulu osadziwa.

"Kodi amayi a Zione, mwana wanga wakwatiwa ndi tambala?"

Mpaka lero Fatsani akamapita kumsika amadzera njira ya kudimba, chifukwa pamsewu akabaza akangomuona amalira kokoliriko. Kwa apongozi sanapondeko.

Phunziro: Chida chatsopano chiyeseni kaye pantchito yomwe mukachigwiritse, musanataye chakale. Ndipo wokuitanani bwana lero lomwe asakuposereni amene anakuphunzitsani ntchito. Tumizirani ojambula onse amene mukuwadziwa, makamaka amene akwatira kumene, asanakagwere m'khola la apongozi.