Mzere wa Efraín m'Kaundula wa Ubatizo

"Wako uja wabweranso ndi maluwa," ananong'ona Don Belisario, wosunga mabuku a parishi.

Yuliana sanadzutse mutu. Ntchito yake inali kufufuza m'makaundula akale a ubatizo, kutsata mabanja omwe matenda oiwala amayenda m'magazi. Koma kwa milungu itatu ankatsata mobisa makolo a Efraín, mnyamata amene anamufunsira ukwati. Achibale ambiri a Efraín ankaiwala ana awo asanamere imvi, ndipo iyenso anali ataiwala tsiku lobadwa la Yuliana.

Efraín analowa, maluwa ali m'manja. "Iwe Yuli, undiyankha liti? Khofi wachita kupsa m'munda ine ndikudikira!"

"Takhala chete kaye."

Chala chake chinaima patsamba lina lachikasu. Pambali pa dzina la agogo a Efraín, wansembe analemba kuti anali mwana wotoledwa pakhomo la tchalitchi, banja la matendalo linangomulera.

Yuliana anatseka bukulo, misozi ikulengeza.

"Ndalola. Bweretsa mphete."

Efraín anapisa m'thumba, kenako m'thumba lina, mphete osaipeza. Anayang'ana kudenga.

"Usandiyang'anire kumwamba," anatero Yuliana. "Mpaka dzulo ndikanakumvera chisoni. Lero ndadziwa kuti sukudwala. Thamanga ukaitenge."