Waya wa Kuseri kwa Nyumba

Mvula itangodukiza, make mapasa anasiya makina osokera n'kuthamangira kuseri kukaona waya. Unali bwinobwino. Anapuma, koma mtima sunakhale m'malo.

Pomanga nyumbayi, malemu mwamuna wake anadula phiri, dothi lonse n'kulithira kutsogolo, cha kuchigwembe, kuti apeze malo athyathyathya. Kuseri kunatsala chitunda chodulidwa ngati mkate, chotalika kuposa denga. Chaka chino mvula inkagwa ngati ili ndi chifukwa ndi munthu, ndipo timiyala tinkagwera pamalata usana ndi usiku. Kumtunda kwa msewu, chitunda chonga chomwechi chinali chitakwirira kale khitchini ya anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Make mapasa ankaopa, ndipo sankabisa.

Anaganiza zomangitsa khoma lotchinga. Woyeza dothi yemwe anamuitana, bambo wosachuluka mawu, wansapato zamatope, anati khoma silimangidwa padothi lomwe sukulidziwa. Anakumba maenje pachitunda, anatenga dothi m'timatumba, kenako anakhoma chitsulo pachitundapo ndi msomali pakhoma la nyumba. Pakati anamangapo waya, n'kuusiya wolendewera pang'ono.

"Mukaona ukulendewera kuposa apa, mayi, ndiye kuti chitunda chikubwera. Musadikire ine. Tengani ana."

Tsiku lomwelo make mapasa anasamutsa ana. Bedi lawo analikokera kuchipinda chakutsogolo, kutali ndi chitunda, ndipo iye ndi makina ake analowa chakumbuyo. Chikagwa chiyambe ndi ine, anatero mumtima. Mlamu wake ankamuseka kuti wasiya utelala, walembedwa ntchito yolondera waya. Madiresi a eniake ankachedwa, m'mphepete mokhotakhota, chifukwa diso limodzi linali pasingano, lina pawindo.

Zina zing'onozing'ono analibe nazo nthawi. Chitseko chakutsogolo chinali chitayamba kufuna phewa kuti chitseguke, ndipo mlanduwo anaupereka kwa kalipentala. Ulusi ukagwa patebulo unkagubuduka m'khonde lam'kati mpaka kukaima pachitsekopo, mapasa akuuthamangira ndi chiphwete. Bola akuseka, ankatero mayi wawo.

Woyeza dothi anabweranso tsiku lina masana, mapasa atadya n'kugona. Anadzera kumbali, osalowa m'nyumba. Make mapasa anamulandira, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Nkhani ndi yabwino," anatero bamboyo. "M'maenje onse ndapeza mwala, kuya kwake kusanafike m'mabondo. Chitunda chanuchi ndi thanthwe, dothi langovala pamwamba. Khoma lalifupi lokhala ndi mapaipi otulutsa madzi likwanira."

Make mapasa anakhala pachidebe chovundikira n'kuseka, kuseka kwenikweni, koyamba chiyambireni mvula. Mantha onsewo, kusagona konseko, ana kuwapanikiza m'kachipinda, zonse chifukwa cha timiyala. Mlamu adzamva bwanji.

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero akupukuta misozi. "Waya wanu sunalendewerepo, bambo. Wachita kukungika ngati wa gitala. Tamverani."

Anaukodola ndi chala. Waya unalira.

Woyeza dothi sanaseke. Anapita pachitsulo n'kuchigwedeza. Chinali nji, pomwe anachisiya. Anatsata waya ndi maso mpaka pakhoma la nyumba. Msomali unali utapindika, mutu wake ukuloza kuchitunda, ndipo pulasitala inali itasweka mouzungulira. Anawerama n'kuyang'ana m'tsinde mwa khoma, pomwe madzi a mvula ankalowa m'kamng'alu osatulukira kwina.

"Alipo anaukoka wayawu?"

"Angayerekeze ndani? Ngakhale mapasa sindiwalola kufika kuno."

"Ali kuti anawo?"

"Akugona kutsogolo," anatero monyadira. "Ndinawachotsa koopsa tsiku lomwe lija."

Bamboyo anali atagwetsa kale chikwama chake, ndipo mawu ake anatuluka otsika kwambiri.

"Mayi, thanthwe silibwerera m'mbuyo. Imene ikuchoka ndi nyumbayi, ikulowera kuchigwembe."

Waya unaduka.