Matemberero a Malachy Devane

Malachy Devane anakana tiyi. Anakhala pampando wapafupi ndi windo m'chipinda cha alendo cha nyumba yosungira okalamba, chipewa chili pabondo.

"Musakadabwe, bambo," anatero Gobnait, namwino wa pamalopo. "Chiwagwereni sitiroko a Folan, Chingerezi chonse chinawathawa. Changotsala n'Chiayirishi chimene anayamwira."

"Ndikudziwa. Kawatengeni."

Nkhaniyo Malachy anaimva zaka ziwiri zapitazo pamaliro ku Tuam, kwa mnzake wina amene anali naye kalasi limodzi. Sabata yomweyo analembetsa sukulu ya akuluakulu kuti aphunzire Chiayirishi, chinenero cha makolo a dziko lawo.

A Folan anamuphunzitsa ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Malachy anali wachibwibwi, ndipo mawu a Chiayirishi ankamukakamira pakhosi. Aphunzitsiwo ankamuimika pabenchi n'kumayerekeza chibwibwicho mpaka kalasi lonse kugwa ndi phwete. Kenako lamba. Khofi lina linamugonthetsa khutu lakumanzere mpaka lero. Mayeso a Chiayirishi analephera, ndipo upolisi umene ankaulakalaka unathera pomwepo, poti kupolisi sankalemba munthu wolephera Chiayirishi. Wakhala akuyendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Zaka zonsezo ankadziuza kuti tsiku lina adzawapeza. Anazengereza mpaka anamva kuti munthuyo samvanso Chingerezi. Kumulalatira m'chinenero chimene sakumva kukanakhala kungotaya malovu. Malachy ankafuna kuti liwu lililonse likalowe.

Choncho Lachiwiri lililonse akaweruka ankakapanikizika pakampando ka ana, pakati pa atsikana a ku yunivesite ndi mayi wina wa ku Poland amene ankamuposa pa chilichonse. M'basi ankatchera wailesi ya Chiayirishi, apaulendo adandaule asadandaule. Kunyumba anamata timapepala ta mayina pa firiji, pa ketulo, pa chitseko cha kuchimbudzi.

"Bambo inu, ukalamba uno mukufuna kukhala nduna?" ankatero mkazi wake Concepta. "Tsiku lina ndidzadzuka mutandimata kapepala pamphumi."

Tchuthi chake chonse cha chilimwe anakathera ku Carna, kwa msodzi wina dzina lake Cóilín, kumuthandiza kukoka miono ya nkhanu m'madzi ozizira kuti azimva chinenerocho tsiku lonse.

"Anzako amabwera kuno kudzaphunzira moni ndi nyimbo," anatero Cóilín tsiku lina m'bwato. "Iwe ukungofuna matemberero. Wakulakwira ndani, mkulu?"

Malachy anangopitiriza kukoka mono. Cóilín anaseka, namupatsa onse amene ankawadziwa, ngakhale a malemu mayi ake.

Chitseko chinatseguka. Gobnait analowa m'chipinda cha alendo muja akukankha a Folan panjinga ya olumala, nawasiya moyang'anizana ndi mlendoyo, n'kutuluka.

Anali atachepa. Khosi ngati la nkhuku yothothola, bulangete pamaondo, dzanja limodzi lili lende. Kwa kanthawi mtima wa Malachy unafuna kufewa. Kenako anayang'anitsitsa dzanja linalo, lamanja, lotambalala ngati fosholo, ndipo khutu lake logontha linayamba kutentha.

Anaimirira. Pepala analibe, sankalifuna.

"Folan," anayamba m'Chiayirishi. Sanawatchule kuti aphunzitsi. "Ndine Malachy Devane, uja unkamutcha Ma-ma-malachy. Ndiyang'ane."

Nkhalamba ija inadzutsa mutu.

Anawauza za benchi ndi za khutu. Anawakumbutsa za Fintan Moran amene ankadzikodzera akangomva nsapato zawo pakhonde. Anawauza za kalata ya kupolisi yomukana ntchito imene mayi ake anaiwerenga ali chiimire kukhitchini, n'kuiponya pamoto. Mawu ankangotuluka okha, osapunthwa ngakhale kamodzi. Atamaliza mlandu anatsegula thumba la matemberero a Cóilín.

"Ufe uli wekha, pasapezeke wokutseka maso. Udzu usamere pamanda ako. Dzina lako lidzatchulidwe ndi agalu okha."

Milomo ya a Folan inayamba kunjenjemera. Misozi inatsika m'makwinya, n'kudontha pabulangete. Malachy anawerama mpaka mphuno zawo kutsala pang'ono kugundana.

"Wandimva, nkhalamba iwe?"

"Ndakumva, mwana wanga," ananong'oneza m'Chiayirishi. "Liwu lililonse."

"Lira. Ine ndinalira chaka chathunthu."

Anavala chipewa n'kutuluka. Pakhonde anapatukirana ndi Gobnait akulowa ndi kapu ya tiyi. Malachy anatsamira khoma kuti apume kaye. Pachifuwa pake panali popepuka ngati watula thumba la simenti. Anali atayamba kale kuganiza mmene akafotokozere Concepta: munthu uja walira ngati khanda.

Chitseko sichinatsekeke bwino. Mkatimo munamveka mphuno ikuminidwa, kenako mawu a a Folan, amphamvu ndi osangalala, m'Chingerezi choyera bwino.

"Wachisanu ndi chiwiri ameneyu, Gobnait, ndipo waposa onse! Zaka makumi anayi m'kalasi sindinatulutse ngakhale mmodzi wolankhula Chiayirishi chonchi. Bodza lathuli lisaululike. Lachisanu akubwera ndani?"