Benchi la Osalandira

"Si shuga yekha amene akukuwondetsani, a Nikolasi," anatero dokotala, akuwerenga zotsatira za magazi zochokera ku Lilongwe. "Matumbo anu sagwirizana ndi tirigu. Zimawachitikira ena odwala shuga. Buledi, mandasi, masikono, muiwale."

"Nanga Ukaristia?"

"Ndi tirigu yemweyo. Muyambe mwaima mpaka mutakambirana ndi bambo mfumu."

Kutchalitchi kwawo ku Mtakataka, a Nikolasi ndiwo ankaponya maso kuona amene sanapite kukalandira, ndipo pofika Lolemba mudzi wonse unkakhala utalidziwa tchimo la munthuyo. Chaka chatha anachotsetsa a Lucia m'kwaya, ati amayenda ndi mwamuna wa mwini.

Lamulungu, anthu atandanda kukalandira, a Nikolasi anatsala pabenchi, nkhope ili pansi. Makosi anatembenuka. Ngakhale akazi awo anawayang'ana kawiri.

A Lucia anasendera pafupi.

"Ndi tirigu, mayi," a Nikolasi ananong'ona. "Adokotala andiletsa."

"Musadandaule, bambo," anayankha a Lucia, akumwetulira. "Ndikawafotokozera anthu ndendende mmene inuyo mukanawafotokozera."