Mlendo m'Bokosi la Lalanje

Panali munthu wina ku Woolwich kuno, a Lyson, oyendetsa basi. Nkhaniyi ndi yoona, yachokera kwa mayi oyandikana nawo khomo.

Mwana wawo Stephanie ankaweta njoka, zija amati koni sineki, zopanda ululu. Inali yofiirira, dzina lake Lalanje. Ee, njoka m'nyumba ya Mmalawi. Azimayi a kutchalitchi ankatsinana n'kumati n'chifukwa chake a Lyson agula galimoto yatsopano. Popita ku yunivesite, mtsikanayo anasiyira bambo ake malamulo awiri: mbewa imodzi ya mufiriji pa sabata, ndipo m'bokosi lagalasilo musadzalowe njoka ina.

Tsiku lina pamsika a Lyson anakumana ndi mkulu wina wa Chinyanja cha ku Lusaka, akuti Overton. Macheza atakoma, mkuluyo anati nayenso ali ndi njoka yamtundu womwewo, koma akuthamangira maliro kwawo, akusowa womusungira milungu iwiri. Masana omwewo anatulukira nayo m'thumba la pilo, chinjoka chachitali koma chowonda.

Akazi awo a Lyson, mayi Dainess, anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Atachoka, anayamba mafunso. Woweta njoka, bokosi lake lili kuti? Chakudya chake bwanji sanabweretse? Nanga wofedwa amaseka mano onse pamtunda chonchija? Anawakumbutsanso lamulo la mwana.

“Mayi a Stephanie, mlendo sagona pakhonde,” anatero a Lyson. “Kwathu mbuzi khumi zimagona khola limodzi. Ndiponso Lalanjeyu wasungulumwa.”

Basi, anaiponya momwemo.

M'mawa uliwonse ankapeza mlendo atagona pamwamba pa Lalanje, mbali yofunda ya bokosi. A Lyson ankajambula pafoni n'kumati taonani chikondi, osadziwa kuti kumeneko ndi kulandana malo. Lalanje anasiya kudya.

Lachisanu lina, mawa lake Stephanie akubwera, m'bokosi munali njoka imodzi yokha, Lalanje osaoneka. A Lyson anagwetsa mipando, kusuzumira kuseri kwa firiji, kukhuthula nsapato zonse. Anayamba kukayikira akazi awo kuti aitaya kubini, pajatu sankaifuna. Kenako anati mwina Overton wabwera mozemba n'kuiba. Anamuimbira, nambala yosapezeka. Mpaka anafika poganizira mapemphero a azimayi a kutchalitchi aja.

Mayi Dainess anangowasiya atope kaye.

“Bambo a Stephanie, chivindikirochi n'chotseka. Tayang'anani mimba ya mlendo wanu.”

Chinjoka chowonda chija chinali chitatupa ngati payipi, chili phee. Dokotala wa ziweto ku Peckham anati chinakhala nthawi yaitali osadyetsedwa. Anati sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika, n'chifukwa chake njokazi amazisunga iliyonse payokha.

Stephanie anafika atanyamula mbewa za Lalanje. Anasuzumira m'bokosimo, osalira.

“Dadi, ndinakusiyirani malamulo angati?”

A Lyson anangokweza zala ziwiri.

Overton mpaka lero akadali kumaliro. Stephanie akaimba foni amalankhula ndi mayi ake okha. Chinjokacho chidakali momwemo, chanenepa, ndipo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi a Lyson amachipatsa mbewa, chifukwa mlendo sagona ndi njala.

Phunziro: Mwini chiweto akakuuza malamulo, mvera, ngakhale ali mwana wako womubereka wekha. Njoka si mbuzi, iliyonse bokosi lake. Ndipo wokumana naye pamsika usamulowetsere katundu m'nyumba chifukwa choti mukulankhula chilankhulo chimodzi. Tumizirani anzanu onse, makamaka azibambo osamva za akazi awo.